Kodi Munthu wa Kunyanja Asale Chiyani? Mbiri ya Lenti ya Chaka cha 1992

Adzukulu anga okondedwa, ndi inu nonse amene mumakonda kucheza nane pa nkhani za miyambi ndi miyambo, landirani moni kuchokera kuno ku Chintheche.

Mmodzi wa inu, amene ali pasukulu ku Lilongwe, anandiponyera funso pa tchuthi chapitachi. Anati: "Agogo, Mpingo umati tisale nyama Lachisanu lililonse la Lenti, koma nsomba tikhoza kudya. Nanga inu a kunyanja, amene mumadya usipa kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo nyama mumaiona pa Khirisimasi pokha, mumasala chiyani?" Tonse tinaseka, ndipo ine ndinangomuuza kuti adye msanga kondowole isanazizire. Koma funsolo linagona nane. Akulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndaona kuti nthawi zina a ana nawonso amatero. Yankho limene ndili nalo ndinaliphunzira m'sabata imodzi ya mwezi wa Marichi m'chaka cha 1992. Kuti mulimvetse bwino, tiyenera kuyambira patali pang'ono.

Mmene Lenti inafikira m'mbali mwa nyanja

Chikhristu sichinafike kwathu kuno ndi Akatolika. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws ndi anzake a ku Scotland anasamutsa mishoni yawo kuchoka ku Cape Maclear kudza nayo ku Bandawe. Atonga anakonda sukulu kwambiri, ndipo ambiri amene anaphunzira anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. M'zaka za 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi m'dera lomwelino, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa. Choncho anthu a kuno anazolowera kuwerenga, kufunsa ndi kutsutsana pa za Mulungu kalekale. Koma mwambo wa phulusa ndi masiku 40 a kusala sunali wa Apresibateriya. Amene ankaudziwa anali a mpingo wa Anglican, omwe anakhazikika pa chilumba cha Likoma kuyambira 1885.

Akatolika anayambira kummwera ndi pakati: ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902. Kumpoto anachedwa kufikako. Mishoni ya Katete inatsegulidwa mu 1938, ndipo mu 1947 Kumpoto kunakhala dera loima palokha pansi pa Monsinyo Marcel St-Denis. Dayosizi ya Mzuzu inabadwa mu 1961, episkopi wake woyamba ali Ambuye Jean-Louis Jobidon. Motero ife Akatolika a m'mbali mwa nyanja tinakula tili ochepa pakati pa abale athu a CCAP. Matchalitchi athu a kumidzi anali aang'ono, ambiri ofolera ndi udzu, ndipo wansembe wochokera ku parishi ya Nkhata Bay ankatipeza mwa apo ndi apo, makamaka nyengo ya mvula misewu ikaonongeka. Amene ankasunga moto kuti usazime anali akatekisti. Pambuyo pake, aepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Afrika atagwirizana mu 1973 kuti Mpingo uzimangidwa pa timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba, tinayamba kukumana m'miphakati.

Lenti imayamba Lachitatu la Phulusa. Phulusalo limachokera ku makhwatha a kanjedza amene tinanyamula chaka chatha pa Lamulungu la Kanjedza. Amawatentha, ndipo aliyense amapakidwa pamphumi kuti akumbukire kuti thupi lake ndi dothi. Masiku 40 amatikumbutsa masiku amene Ambuye Yesu anasala m'chipululu, ndipo powerenga sitiphatikizamo masiku a Lamulungu. Mafuwa a nyengoyi ndi atatu, monga a pamoto: kupemphera, kusala, ndi kuthandiza osowa. Lachisanu lililonse tinkayenda Njira ya Mtanda, kuima malo 14, nthawi zambiri mvula ili pamsana. A mphakati ankagwirizana kukapalira chinangwa cha mayi wamasiye, kukafolera nyumba ya nkhalamba imene ikudontha, kapena kusonkha ufa wa kondowole wopita nawo kwa wodwala. Mutu umodzi susenza denga.

Pali chinthu china chimene asodzi amachidziwa bwino. Tsiku la Pasaka limatsata mwezi: ndi Lamulungu loyamba mwezi utakhala wathunthu, kuyambira pa 21 Marichi. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi nyali usiku, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyali imachepa mphamvu, usipa subwera. Chifukwa cha ichi, masiku oyandikira Pasaka amapeza amuna ambiri ali kumtunda akusoka makoka. Akatekisti athu ankanena moseka kuti Mulungu amazimitsa yekha nyali za asodzi kuti abwere adzalape.

Lachiwiri: tsiku la chete

Tsopano tibwere ku sabata ija. Lachiwiri pa 3 Marichi 1992 linali Tsiku la Ofera Dziko. Tsikuli ndi la Amalawi onse, koma magazi ake ambiri anakhetsedwa m'boma lathu lino. Pa 3 Marichi 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo linagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress. Ena mwa ogwidwawo anawaika m'sitima ya Mpasa pa doko la Nkhata Bay. Khamu la anthu linasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali anawombera. Lipoti la Devlin linawerenga anthu 20 amene anafa pamalopo, pomwe kwathu kuno timakumbukira anthu 31. Ine ndinali kamnyamata, koma sindiiwala kulira kwa amayi kumene kunayenda mudzi ndi mudzi. Chaka chimenecho tsikuli linagwa m'kati mwa Lenti.

Titalandira ufulu mu 1964, tsikuli linkasungidwa mwa lamulo lolimba. Kunalibe kulima, kunalibe malonda, kunalibe mowa kapena gule, ndipo wailesi inkaimba nyimbo za chisoni zokhazokha. Kulemekeza akufa n'koyenera. Koma chodabwitsa chinali ichi: tinkakhala chete kukumbukira anthu amene anafa chifukwa chokana kukhala chete. Ndipo chete ameneyo sanali wa tsiku limodzi. Anali wa chaka chonse. Orton Chirwa, mwana wa boma lino, loya amene anatsogolera kuyambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anali m'ndende ndi mkazi wake Vera kuyambira 1981. Aleke Banda wa ku Tukombo anali m'ndende kuyambira 1980 popanda kuzengedwa mlandu. Maina amenewa tinkawatchula monong'ona, titayamba tayang'ana kumbuyo. Mu 1989 kunatuluka lamulo lakuti aphunzitsi ochokera Kumpoto abwerere kwawo. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Ndinasiya ana anga a sukulu m'Chigawo Chapakati pakati pa maphunziro, ndipo palibe amene anafunsa poyera kuti talakwanji.

Lachitatu: tsiku la phulusa

M'mawa mwake, pa 4 Marichi, linali Lachitatu la Phulusa. Chaka chimenecho chinali cha chilala chachikulu m'maiko onse a kummwera kwa Afrika. Kuno chinangwa chinkatithandizako, ngakhale kuti minda yambiri inali itavutika zaka zingapo m'mbuyomo ndi tizilombo ta kodikodi. Mabanja ambiri ankadya kamodzi patsiku, osati chifukwa cha lamulo la Mpingo, koma chifukwa m'nkhokwe ndi m'mitsuko munalibe kanthu. Ndikukumbukira kuti pa mzere wolandira phulusa ndinadzifunsa funso lomwelo limene mdzukulu wanga wandifunsa: munthu amene akusala kale ndi njala, asalenso chiyani?

Lamulungu: tsiku la kalata

Pa 8 Marichi, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya aepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi. M'Chingerezi mutu wake unali Living Our Faith, kutanthauza kuonetsa chikhulupiriro chathu m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Anaisindikiza ku makina a ansembe a Montfort ku Balaka, makope 16,000: 10,000 m'Chichewa, 5,000 m'Chitumbuka ndi 1,000 m'Chingerezi. Inayenda mwakachetechete mpaka kufika m'maparishi onse boma lisanadziwe. Anaisainira anali Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre, Ambuye Felix Mkhori, Matthias Chimole, Alessandro Assolari, Allan Chamgwera ndi Gervazio Chisendera, pamodzi ndi Monsinyo John Roche, wansembe wa ku Ireland amene ankayang'anira Dayosizi yathu ya Mzuzu nthawi imeneyo.

Pa tchalitchi lathu laling'ono wansembe panalibe tsiku limenelo. Anaiwerenga anali akatekisti, munthu wamkulu wa sukulu yochepa, amene ankayenda pa njinga yopanda mabuleki. Anawerenga m'Chitumbuka, chiyankhulo chimene chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968, namamasulira m'Chitonga pamene pakuvuta. Poyamba anthu ankamvetsera monga amamvetsera kalata iliyonse. Kalatayo inayamikira zabwino zimene dziko linapeza chilandirire ufulu. Kenaka inayamba kutchula zinthu ndi maina ake. Inanena za phompho limene linkakula pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira a antchito, ndi za mitengo yotsika imene alimi ankalandira pa mbewu zawo. Inanena za makalasi odzaza, kusowa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndiponso kuti njira yosankhira ana opita ku sekondale iyenera kukhala yodziwika ndi yachilungamo. Inanena za zipatala zoperewera antchito ndi za mliri wa Edzi. Apo ndinaona manja a akatekisti akuyamba kunjenjemera, pakuti anali atafika pa gawo lonena za mantha: za anthu omangidwa popanda mlandu, za makhothi amene ayenera kukhala oima paokha, za mphatso zokakamiza, ndi za anthu oletsedwa kulowa mumsika, m'chipatala kapena pokwerera basi chifukwa alibe khadi la chipani.

M'tchalitchi munali zii. Ngakhale makanda anakhala ngati akumva. Munalibe m'kalatayo chinthu ngakhale chimodzi chimene sitinkachidziwa. Chachilendo chinali kuchimva chikunenedwa mokweza, masana, zitseko zili zotsegula. Akatekisti anaima kamodzi, anapukuta thukuta, anayang'ana pakhomo, napitiriza mpaka pa dzina lomaliza. Mwa anthu onse olimba mtima amene ndawaona, munthu ameneyu ndimamuika patsogolo. Aepiskopi ankadziwika ku Rome ndi ku London. Iye ankadziwika ndi mkazi wake ndi mbuzi zake basi.

Zimene zinatsatira

Pa 10 Marichi aepiskopi anaitanidwa ku polisi ya Kanjedza ku Blantyre, kumene anafunsidwa mafunso kwa maola 8. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo aliyense wopezeka nayo akhala ndi mlandu. Sabata yomweyo akuluakulu a chipani anakumana, ndipo ena mwa iwo analankhula zoti aepiskopi aphedwe. Tepi ya msonkhanowo inadzamveka pambuyo pake. Nyumba ya makina osindikizira ku Balaka inatenthedwa. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda mumsewu kugwirizana ndi aepiskopi, ndipo koleji inatsekedwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, atabwera kudzaitanitsa ulamuliro wa zipani zambiri. Pa Lachisanu Loyera, 17 Epulo, Monsinyo Roche analamulidwa kuti atuluke m'dziko pasanathe maola 24. Pasaka wa chaka chimenecho, pa 19 Epulo, tinamudya mbusa wathu atathamangitsidwa.

Koma madzi akatayika saoleka. Abale athu a CCAP, ana a Bandawe, ankabwera usiku kudzabwereka kalata ya Akatolika. M'mwezi wa Juni atsogoleri a mpingo wawo nawonso analembera Dr Banda, ndipo chaka chomwecho mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la Public Affairs Committee. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo lalikulu m'mwezi wa Meyi. Aleke Banda anatulutsidwa chaka chomwecho, koma Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala, mwezi womwewo umene Dr Banda analengeza za riferendamu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi oposa 63 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo Kumpoto anali pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Chizindikiro cha zipani zambiri chinali nyali, ndipo asodzi a kuno sanafune munthu wowaphunzitsa ntchito ya nyali. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, ndipo Dr Banda anavomera zotsatira zake mwamtendere, chinthu chimene tiyenera kumukumbukira nacho.

Phulusa langa lachiwiri

Adzukulu anga, mbiri yokoma ndi imene wokamba amadziikamo ngati ngwazi. Yanga si yotero. Ine ndinali mphunzitsi wamkulu, wolandira malipiro a boma, wa ana 6 odalira ine. Kope limodzi la kalatayo linali m'nyumba mwanga, chifukwa ndinali mlembi wa tchalitchi lathu. Usiku umene wailesi inalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndinadikira kuti onse agone, ndinapita kukhitchini, ndipo ndinaiponya pamoto. Ndinaima pomwepo mpaka inasanduka phulusa, kenaka ndinalitakasa ndi kamtengo kuti pasaoneke ngakhale chilembo chimodzi. Sabata imodzi yokha inali itapita chipakidwire phulusa pamphumi.

Sichinali chokhacho. Pamene akatekisti ankawerenga za khadi la chipani, ine ndinaweramitsa mutu, chifukwa ndinali nditabwezapo ana pasukulu kuti akatenge ndalama ya khadi kwa makolo amene ndinkadziwa kuti alibe. Ndinkadziuza kuti ndikungotsata lamulo. Kalata ija sinkadzudzula a ku Lilongwe okha. Inkanditsina ine khutu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu limawawa ndithu.

Patapita masabata awiri tinakumana pa mphakati m'nyumba ya mayi wina wokalamba, wamasiye, amene sankadziwa kuwerenga. Titatha kupemphera, anapita kuchipinda, nabwera ndi dengu la ufa wa kondowole. Anapisa dzanja pansi pa ufawo, natulutsa kalata ija itakulungidwa m'kansalu. Anandipatsa ine nati: "Aphunzitsi, inu ndinu a maso. Tiwerengereninso paja pakunena za osauka, tsiku lija sindinamve bwino." Sankadziwa zimene ndinachita. Ndinaiwerenga, mawu akundikakamira pakhosi, ufa uli mbuu m'zala zanga. Lenti isanathe ndinakalapa kwa wansembe, ndipo kuyambira pamenepo sindinabwezenso mwana chifukwa cha khadi. Si chinthu chachikulu, koma ndicho chimene chinali m'manja mwanga.

Yankho kwa mdzukulu wanga

Mneneri Yesaya, pa mutu 58 wa buku lake, amadzudzula anthu amene ankasala chakudya koma namapitiriza kupondereza antchito awo. Amaphunzitsa kuti kusala kokondweretsa Mulungu kumaoneka pa zimene munthu wachitira womangidwa, wanjala ndi wosowa pogona. Ndime imeneyi imawerengedwa pa Misa m'masiku oyambirira a Lenti chaka chilichonse, ndipo ine ndinaimva zaka zambiri ngati mvula ya padenga la mnzanga.

Tsono, mdzukulu wanga, lamulo la nyama lisunge, pakuti kumvera pa zazing'ono kumaphunzitsa thupi kuti si ndilo mfumu. Koma dziwa kuti kusala ndi kudzimana chinthu chimene umachidalira kuti ukhale pabwino. Kwa wa m'tauni chikhoza kukhala nyama kapena mowa. Kwa ife a 1992 chinali chete. Chete ndiye ankatisungira ntchito, ankatigoneka m'nyumba zathu, ndipo tinkamudya tsiku ndi tsiku kuposa usipa. Akatekisti aja anamusala pamaso pa mpingo wonse. Mayi wamasiye uja anamusala pansi pa dengu lake. Ine ndinachedwa, koma Mulungu amalandira ndi obwera madzulo omwe.

Musaganize kuti ntchitoyo inatha mu 1994. Lero palibe amene adzakufunseni khadi pa chipata cha msika, ndipo mukhoza kulemba zimene mukufuna pa Facebook. Koma umphawi umene kalata inanena sunachoke, makalasi adakali odzaza, ndipo chete anangosintha malaya. Alipo pamene mudzi wonse ukudziwa kuti abale a malemu alanda mayi wamasiye bwato ndi makoka, koma aliyense akuti si za kwathu. Alipo pamene mtsikana wa Sitandade 7 akukwatiwa ndi munthu wa ndalama za nsomba, ife n'kupita kukavina. Alipo pamene ndalama za tchalitchi kapena za komiti ya sukulu zasowa, tonse n'kumayang'ana pansi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kunena zoona sikutanthauza kutukwana kapena kuchititsa munthu manyazi; aepiskopi aja analemba mwaulemu, nayamba ndi kuyamika. Koma ulemu si kubisa.

Akatekisti aja ndi mayi uja anagona kale, ndipo maina awo sali pa chipilala chilichonse. Ndawalemba pano kuti inu muwadziwe. Mukadzabwera pa tchuthi cha Pasaka mwezi udzakhala ukuwala, asodzi ali kumtunda, ndipo ndidzakutengani kukaona pamene panali tchalitchi lakale la udzu lija. Agogo anu aakazi akuti mubwere ndi shuga, usipa wouma ulipo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine agogo anu.